Maola Asanu Amene Tikiti Inabisa

Sendezani chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso, ndipo mundisiyire kampata nditambasule miyendo, chifukwa msana wanga unatsalira m'ndege mpaka lero sunabwere. Mwayamba kale kuseka? Sekani. Kwathu ku Mponela amanditcha Wailesi, poti m'kamwa mwangamu mumatuluka aliyense: abusa, kondakitala wa minibasi, mbuzi ya chifuwa, ngakhale injini ya chigayo ikamakana kulira. Dzina la ubatizo ndine Yotamu. Koma pali mawu a munthu mmodzi amene sindingakuchitireni, ngakhale mutandiwotchera nkhuku yathunthu, ndipo nkhani yake ndi imeneyi.

Alamu anga a Bizaliele Kamtedza, amuna awo a achemwali anga Esinta, anali ndi shopu ya zipangizo za njinga zamoto. Munthu wa nthawi sindinamuonepo ngati ameneyo. Minibasi ikati inyamuka 8 koloko, ikangopitirira ndi mphindi imodzi, iwo ankatsika, ngakhale atakhala kale kutsogolo. Tsiku la ukwati wawo abusa anachedwa mphindi khumi, anthu anachita kuwagwira alamuwo jekete pachipata cha tchalitchi akubwerera kwawo. Ankayankhulira m'mphuno, pang'onopang'ono, uku akugogoda galasi la wotchi ndi chikhadabo, ke, ke, ke. "Alamuuu, kwatsala zingati?" Ndinkawatsanzira mpaka achemwali kugwa pa mpando ndi chiseko, eni ake ali duu, akuyang'ana wotchi kuti aone ndawaonongera mphindi zingati.

Chaka chimenecho ananditenga ku China, ku Guangzhou, kukagula katundu. Sananditengere nzeru ayi, sukulu ndinasiyira Sitandade 6. Ananditengera mapewawa. Popita sindinaone kanthu, ndinatseka maso ku Lumbadzi n'kukawatsegula kwa eni ake, pakati ponsepo ndinkangopemphera.

Tsiku lachinayi, tili mumsika waukulu ngati boma lonse la Dowa, alamu anakhala pa katoni ya matcheni, n'kuyang'ana wotchi. "Alamu, ndatopa." Basi. Sanadzukenso.

Mapepala a maliro anatenga masabata atatu. Amalawi anzathu ogula katundu kumeneko ndi amene anathamanga nazo, ine ndinkangotsatira m'mbuyo ngati mwana wa nkhosa, ofesi iyi, ofesi iyo, kusaina apa, kudinda chala apo. Tulo ndinkagona tokhala pansi. Tsiku lonyamuka ndinali nditauma ngati chikumba, thalauza likuchita kufuna kunditsanzika.

Madzulo ake foni inalira. Anali a Chimkwita, amalume awo a malemu, munthu wa mawu okhuthala ngati akuyankhulira m'mgolo.

"Yotamu, mwambo ukuudziwa. Munthu wakufa sumangomunyamula chinunu. Ponyamuka uwauze. Pamlatho uwauze. Pamphambano uwauze. Ukapanda kutero, thupi lifika, mwiniwake n'kutsala panjira."

"Amalume, nanga kumwamba kuli milatho?"

"Usandiseweretse, iwe Wailesi. Chimene chili kumeneko, uwauze chomwecho."

Pabwalo la ndege bokosi analilowetsa kunsi, kumene kumakhala masutikesi. Ine ndinaima pa galasi lalikulu, wotchi ya alamu ili pamkono panga kuti ndikaipereke kwa achemwali, n'kutulutsa tikiti. Panalembedwa kuti kunyamuka 00:30, kufika ku Addis Ababa 06:00. Ndinawerenga ndi zala, kawiri konse, ndipo zala zanga sizinama: maola asanu ndi theka.

"Alamu," ndinanong'ona, "tikunyamuka. Tikupita kwanu. Maola asanu ndi theka, 6 koloko yeniyeni, titsike tisinthe ndege." Ndiye pakamwa pangapa, inu mukupadziwa, sipatha kutseka pamene payenera. Ndinawonjezera: "Eni nthawi ndinu. Ikakwana musadikire ine, ingotsikani."

M'ndege anandiika pakati. Chakunjira kunali mayi wina wa ku Chipata, wonenepa bwino, atamanga duku lalikulu ngati lichero. Chakuzenera kunalibe munthu. Ndinati apa ndi pa alamu, n'kumanga lamba wa mpando wopanda munthuwo, kwa! Ndinaseka ndekha. Mayi uja anandiyang'ana ngati ndaba kanthu.

Kumsana kwa mpando wa kutsogolo kunali kakanema, kakuonetsa dziko lonse ndi kandege kakukwawa ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Pansi pake analemba kuti makilomita 8,000 ndi kanthu. Ndinayesa kuganiza kuti ndi maulendo angati a ku Mponela ndi ku Lilongwe, mutu unayamba kutentha, ndinasiya. Ndinayamba ntchito imene anandituma.

"Alamu, pansi pathu pali mapiri. Alamu, tadutsa mtsinje, dzina lake lilime langa lakana, koma ndi mtsinje ndithu. Alamu, akuti uku ndi ku India."

Anazimitsa magetsi. Anthu mazana atatu anagona pakamwa yasa, injini ikungoti wuuuu, phokoso losakwera, losatsika. Masabata atatu a tulo anandikhalira pa zikope. Ndinati ndingotsinzina pang'ono.

Chinandidzutsa ndi kuzizira. Kunkachokera mbali imodzi yokha, ya kuzenera, ngati wina watsegula chitseko m'mwezi wa Juni. Kenako ndinamva pamkono panga: ke, ke, ke.

Manja anga onse awiri anali m'bulangete.

Ndinatulutsa mkono pang'onopang'ono. Wotchi inati 6 koloko, ndendende. Pa kakanema paja mtunda unali utangothera kumbuyo, kandege kali pakati pa mtundu wobiriwira ngati wa buluu wochapira, madzi okhaokha mbali zonse. Kunsi kwa mapazi anga, kumene kuli masutikesi, china chinati gu, kamodzi, mofatsa, monga amachitira munthu waulemu potseka chitseko cha nyumba ya eni. Makutu anga anatseka. M'mphuno munalowa fungo la mchere wonyowa.

Lamba uja ndinamanga ndekha anali womasula, chitsulo chake chikulendewera, chikugwedezeka.

Mayi wa ku Chipata anali maso. "Imwe," anandigwira pa bondo, "bamudala benze apa bayenda kuti?"

"Ati?"

"Aba ba jekete, benze kuyangana nkoloko. Sibanapite apa, nenze nayala mendo."

Ndinangowafunsa kuti, "Mayi, nanga 6 koloko yakwana, bwanji sitikutera?"

Anaseka mpaka duku linapendekeka. "Imwe ba Malawi! Ntawi ya pa tiketi ni ya kwamene tiyenda. Kuja zuba ichedwa na maawazi faivi. Ulendo uyu ni maawazi teni na hafu, tikali pakati!"

Abale anga, ine ndinkadziwa kuti dzuwa ndi limodzi, ndipo 6 koloko ndi 6 koloko kwa Mchewa ndi kwa Mtchaina yemwe. Ndani anandiuzapo kuti maiko ena amasunga nthawi yawoyawo ngati nkhokwe?

Ndinaweramira pansi ngati ndikumanga nsapato. "Alamu! Alamu, bwererani, sitinafike! Apa ndi pamadzi!" Injini yokha, wuuuu. Wotchi inali itaima pa 6, ndipo mkati mwa galasi munali timadontho.

Maola asanu otsalawo anali usiku umodzi wosatha. Dzuwa linkatithamangitsa kumbuyo koma osatipeza. Ku Addis Ababa tinadikira maola anayi, kenako ndege ina maola ena pafupifupi anayi. Ndinkayankhulabe, "Alamu, uku ndi ku Kenya, alamu, uku ndi ku Tanzania," koma zinali ngati kuyankhula pa foni imene netiweki inathawa kalekale. Umadziwa ndithu kuti mbali inayo kulibe munthu.

Pa Lumbadzi anatichingamira ndi lole. A Chimkwita anandikokera pambali.

"Unawauza?"

"Zonse, amalume. Ngakhale mitambo ndinkawauza."

Lole inali yokalamba, ya mtundu uja umafuna anthu asanu okankha ndi mmodzi wopemphera. Tsiku limenelo inangoti kamodzi, vuu. Pamlatho wa Lumbadzi a Chimkwita anagogoda bokosi n'kunena mawu ake, pamphambano ya ku Dowa chimodzimodzi. Titayandikira Mponela ndinawaona akupukusa mutu.

"Maliro awa akuyenda mopepuka kwambiri," anatero, osayang'ana aliyense. "Bizaliele sanakwerepo galimoto osadandaula."

Tinaika maliro mawa lake. Wotchi ndinapereka kwa achemwali, ndinati batire latha. Anaiika m'kabati, m'kati mwa kapu. Ine ndinapita kunyumba kwanga ndikuti tsopano ndigone mpaka chimanga chiche.

Ndinangoti mutu pa pilo: ke, ke, ke.

Kaya masana, kaya usiku, kaya pa benchi ya pa shopu, ndikangotseka maso, ke, ke, ke, pamkono pomwe panalibenso wotchi. Madzi a mu ndowa yanga anayamba kumveka mchere, pamene a mnzanga woyandikana naye, a pa mjigo womwewo, anali bwinobwino. Pilo ndinkamupeza wonyowa mbali imodzi. Mpando wa alamu m'shopu, umene panalibe wolimba mtima kuukhalira, unkacha uli ndi chinyezi, ukauma n'kusiya zoyera ngati ufa. Galu wa achemwali, amene ankandikonda chifukwa ndinkamuyankhula m'chigalu, anayamba kundiona n'kulowa kunsi kwa ngolo.

Patatha sabata ndinkayenda ngati woledzera. Akabaza a pa siteji anandiitana. "Wailesi, wadwala? Tatichitire kondakitala uja, tisekeko." Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe "Lilongwe, Lilongwe, mmodzi watsala!" Chimene chinatuluka chinadzera m'mphuno, pang'onopang'ono.

"Kwatsala zingati?"

Awiri anaseka. Enawo anayamba kupukuta njinga zoyera kale. Ine m'kamwa monse munali mchere.

Lamulungu lotsatira achemwali anandiitana kudzadya, a Chimkwita aliponso. Achemwali anali ataonda, duku lakuda kumutu, akugawa ndiwo. Ndinafuna kunena kuti zikomo, koma zinadzeranso m'mphuno, ndi dzina limene alamu ankawaitanira achemwali.

"Mayi a Lonjezo, kwatsala zingati?"

Chipande chinagwa. Achemwali anandiyang'ana.

"Yotamu. Dothi la pamanda silinaume, iwe wayamba kale kuwasewera? M'nyumba mwawo?"

"Si ine, achemwali."

"Si iwe ndani? Pali winanso wa pakamwa ngati chigayo pamudzi pano?"

M'kabati, m'kati mwa kapu, munamveka ke, ke, ke. Tonse atatu tinamva. A Chimkwita anasiya mbamu ili m'manja.

Ndinaulula zonse. Za tikiti, za zala zanga, za lamba, za mayi wa ku Chipata. Mawu aja akuti "musadikire ine" ndinafuna kuwameza, koma anatuluka okha. A Chimkwita anagwira kumutu ndi manja onse.

"Ndiye kuti tinaika jekete ndi nsapato basi. Mphwanga ali panyanja ya eni, masabata awiri, akudikira ndege ina." Anapuma mozama. "Ndakhala ndikuperekeza maliro zaka makumi anayi. Wotsala pa Bua tinakamutenga. Wotsala pa Jenda tinakamutenga. Umapita pomwe anatsalira, n'kumuitana, n'kuyamba naye ulendo. Koma kumene wamusiya iweko, ngakhale ndegeyo siima."

Achemwali sanalire. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kalendala ya ku shopu, ija anapatsidwa alamu ndi Atchaina ogulitsa matayala, yokhala ndi mapu a dziko lonse. Anaiyala pa tebulo.

"Loza."

Ndinaloza pamadzi, kufupi ndi India.

"Sanatsalire pamalo, amalume," anatero achemwali. "Anatsalira pa 6 koloko. Bambo a Lonjezo ndimawadziwa ine. Ali chiimire, akuyang'ana pamkono. Mawa 6 koloko Yotamu akawapeza pomwepo, ayambire pamene anasiyira. Maola onse amene tikiti inabisa awabweze, ndi ena onse mpaka pakhomo pano, osadumpha ngakhale mphindi." Kenako anandiloza ndi chala pamphuno. "Ndipo usawauzenso za maola, masamu ako tawaona. Uwauze kuti asatsike mpaka atamva mawu anga."

M'mawa mwake, dzuwa lisanatuluke, anaika mipando iwiri pakhonde, wanga ndi wa alamu uja wa ku shopu. Wopanda munthuwo anaumanga chitenje m'malo mwa lamba, mfundo ziwiri. Wotchi anaiika pampandopo. A Chimkwita anakhala pa mtondo patsogolo panga, foni yoonera nthawi dzanja ili, kamtengo kondidzutsira dzanja linalo, pambali pawo lichero la chimanga choti azitong'ola. Achemwali analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anati satuluka, sayankhula, mpaka nthawi yake.

"Yakwana," anatero a Chimkwita.

Ndinatembenukira ku mpando uja. "Alamu, ndine Yotamu. Ndinalakwitsa ndine, pepani. Kwerani. Ulendo uno musayang'ane wotchi. Musatsike mpaka mumve mawu a akazi anu."

Kwa kanthawi kunalibe kanthu, atambala okha. Kenako mpando wopanda munthu unalira, kwee, monga umachitira munthu akaukhalira. Mbali yanga ya kumanzere inazizira. Nkhuku zimene zinkatola pakhonde zinanyamuka zonse pamodzi kupita kuseri.

Maola asanu a madzi okhaokha, muwauza chiyani munthu? "Alamu, madzi. Alamu, madzibe. Alamu, nsomba ija yadutsa ndi yaikulu ngati tchalitchi." Kamtengo, thwa! "Usaname," a Chimkwita anakalipa, "unawataya ndi pakamwa pomwepo." Itakwana 11 koloko tinatera ku Addis Ababa, ine chala chili pa kalendala. Ndinapempha kuti maola anayi odikira aja tiwadumphe, poti alamu sakonda kudikira. A Chimkwita anakana. Tinadikira. Dzuwa linakwera, linaima pamutu, anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumaonerera mwamuna wamkulu akuuza mpando kuti chimbudzi chili kumanja. Panalibe woseka. Pansi pa mpandowo panali patayamba kudontha.

Pa 3 koloko tinakwera ndege yachiwiri. Apa ndiye thupi linandikana. Maso ankaona a Chimkwita awiri, nthawi zina atatu. Kamtengo sikankapwetekanso. Ndipo m'mutu munabwera kaganizo, kofewa ngati bulangete: mawu a achemwali ndimawatha. Ndinayamba kuwatsanzira ndili ndi zaka zisanu, ngakhale mayi athu ankasokonezeka. Mawu atatu okha, alamu atsike, ine ndigone.

Ndinakakana. Ndikulumbira, ndinakakana. Koma chakumadzulo, tili pamwamba pa Tanzania, mutu unagwera pachifuwa, ndipo ndinamva patali mawu a mkazi, okoma, a achemwali enieni, akutuluka pakhosi panga:

"Bambo a Lonjezo, mwafika, tsi..."

Sindinamalize. A Chimkwita, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, anauluka pa mtondo paja ngati mphaka n'kundilowetsa chitsononkho m'kamwa mpaka kukhosi. Tinayang'ana pa mpando. Mfundo imodzi ya chitenje inali itamasuka. Yachiwiri inkasuntha, pang'onopang'ono, ngati pali zala zimene zikuifufuza.

Ndinalavula chitsononkho. "Alamu, ayi! Ndi ine, Wailesi! Khalani pansi! Kunja kuno ndi kwa Aswahili, simudziwako munthu!"

Mfundo inaima. Ke, ke, ke, mokwiya, pafupi ndi khutu langa. A Chimkwita anamanganso chitenje, ndipo kuyambira pamenepo anandiimiritsa. Ulendo wotsalawo ndinauyenda choimirira, mwendo umodzi m'beseni la madzi ozizira.

Mdima utayamba kugwa tinatera pa Lumbadzi. Apa a Chimkwita anandithandiza, poti ndi njira yawo. "Bizaliele, mphwanga, tawoloka Lumbadzi. Iyi ndi mphambano ya ku Dowa, ife tikupitirira. Uko ndi kumsika. Iyo ndi shopu yako, ili chitsekere. Takhota." Mawu anga anali atatha, ndinkangotulutsa mpweya ngati pampu ya njinga.

Chitseko chinatseguka. Achemwali anatuluka atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, nyali m'manja. Anaima patsogolo pa mpando wopanda munthu uja, n'kugwada pang'ono monga ankachitira powalandira akachokera ku ulendo.

"Bambo a Lonjezo, mwafika. Pano ndi pakhomo panu. Tsikani." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, kenako anayesa kumwetulira. "Koma mwachedwa. Chikwatiranireni, lero ndi loyamba."

Pakhosi panga, pamene panalibenso mawu, panatseguka pokha. Zinadzera m'mphuno, pang'onopang'ono, motopa ngati munthu amene waima nthawi yaitali.

"Si ine, mayi a Lonjezo. Ndi alamu."

Chitenje cha pampando chija chinagwera pansi, mfundo zonse ziwiri zili chimangire. Mpando unati kwee. Kuzizira kunandidutsa kutsogolo, kunadutsa achemwali mpaka lawi la nyali linawerama, n'kulowera njira ya kumanda. Galu anatuluka kunsi kwa ngolo, anatsatira mpaka pa mpanda, akugwedeza mchira.

Pampando paja wotchi inayamba kuyenda, kuchokera pa 6. Mpaka lero palibe anaikonza, ili m'kabati, ikusunga nthawi yakeyake.

Ine ndinagona pakhonde pomwepo, mwendo uli m'beseni, ndipo akuti ndinadzuka Lachitatu. Abusa ndimawathabe. Kondakitala, mbuzi, chigayo, mayi wa ku Chipata, onse alimo. Achemwali okha ndinalumbira kuti sindidzawatsanziranso. Koma a Kamtedza, ndayesapo kangapo ndili ndekha kumunda, kutsina mphuno, kugogoda pamkono. Mumangotuluka mpweya. Munthu uja anatsika.